Imvi Si Mlandu, Mdzukulu Wanga

Khala apa, mdzukulu wanga, tikambirane. Nkhani yako ndaimva kwa amayi ako. Ati kampani ija inachepetsa antchito, dzina lako n'kupezeka pa mndandanda. Ati makalata ofunsira ntchito ukulemba usiku ndi usana, koma foni ili zii. Kumene anakuitana, anayamba kuwerenga imvi zako asanawerenge mapepala ako. Uli ndi zaka 47, ndipo wayamba kuyenda mutu uli pansi ngati wolakwa. Imvi si mlandu. Ine ndilankhula, iwe umve. Zina zikuwawa lero, koma mawu a akulu akoma akagonera.

Choyamba, usadzinamize kuti tsankholi kulibe. Lilipo, ndipo ena amalilemba poyera. Tsegula tsamba la ntchito mu Nation kapena mu Daily Times. Sutenga nthawi kupeza mawu akuti wofunsira asapitirire zaka 35. Ena salemba, koma kalata yako amaiika pambali akangoona chaka chimene unabadwa. Ati tsobola wakale sawawa. Mwambi umenewo ife tinaupeza. Sunabwere ndi makompyuta.

Gwero lake ulidziwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo oposa theka anali asanakwane zaka 18. Ana amenewo lero akula. Chaka ndi chaka akutuluka ndi MSCE, ena ndi madigiri a ku Chanco, ku Mzuni, ku Bunda ndi ku Poly. Ntchito imodzi ikalengezedwa, makalata amabwera mulu. Wosankha amatopa, ndiye amafuna njira yachangu yochepetsera muluwo. Zaka ndizo zosavuta kuwerenga. Choncho anyamatawo usawade. Njala yawo ndi yako yomwe, ndipo ena mwa iwo ndi anzawo a ana ako. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma taona kuseketsa kwake. Malamulo aakulu a dziko lino amati wofuna upulezidenti akhale atakwanitsa zaka 35. Pamene ofesi zina zikutseka chitseko mpamene mpando waukulu ukuyamba kulandira anthu. A Bingu wa Mutharika anatenga boma mu 2004 ali ndi zaka 70. A Chakwera mu 2020 anali ndi zaka 65. Dziko lopereka makiyi a boma kwa munthu wa zaka 70 silinganene moona kuti wa zaka 47 sangasunge makiyi a sitolo. Chimene chikukutsekereza ndi mantha amene zaka zako zimadzutsa mumtima mwa wolemba ntchito. Iye sadzawatchula. Iwe uwadziwe, uwayankhe asanafunse. Galu wamkota sakandira pachabe.

Mantha oyamba ndi a malipiro. Bwana akaona zaka 20 za ntchito pa pepala, amawerengera m'mutu kuti uyu adzafuna ndalama zambiri, nyumba ndi galimoto. Mnyamata wongomaliza sukulu amavomera theka la zimenezo. Iwe usalowe m'chipinda utasenza malipiro akale pamutu. Amenewo anapita ndi kampani ija. Madzi akatayika saoleka. Khala pansi ndi mayi a kunyumba kwako, muwerengere lendi, fizi, ufa ndi thiransipoti. Mupeze ndalama imene pansi pake banja silingapume. Ukafunsidwa, tchula mtengo woona. Usadzigwetse ngati tomato wa madzulo pamsika, usadzikwezenso kuposa mmene thumba la bwana lingathere. Kenako umuonetse chimene ndalama yake igula: munthu wodziwa pamene katundu amasowera, wodziwa kuwerenga sitoko osatseka sitolo tsiku lonse, wosafuna womuyang'anira kumbuyo.

Mantha achiwiri ndi akuti wakula sangaphunzirenso. Apa udziyang'ane bwino, chifukwa nthawi zina manthawa amakhala oona. Ngati imelo amakutumizira ndi mwana, ngati Excel umaiopa, ngati kalata sutha kuisandutsa PDF, usanene kuti akukusala chifukwa cha imvi. Ntchito imene unkaichita ndi makadi ndi bolopeni lero ili pa kompyuta. Pita kwa mwana wako wamkazi wa Fomu 4 uja, umupemphe azikuphunzitsa madzulo. Ukhale pansi, osamukalipira akakukonza. Ena masiku ano amafunsa mafunso a ntchito pa Zoom kapena pa WhatsApp. Muyesereretu kunyumba, kuti tsiku lakelo usadzaonetse denga m'malo mwa nkhope. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu uwaganizire. Anaimba ndi gitala wawo zaka zambirimbiri, ambiri mpaka kuwaiwala. Mu 2020, zaka zawo zili cha m'ma 90, anakhala pansi ndi mnyamata, Patience Namadingo, n'kujambulanso nyimbo zawo zakale. Linny Hoo inafika pa TikTok n'kumveka m'maiko ambiri. Luso linali lawo lakale lomwe lija. Njira yolifikitsira kwa anthu ndiyo anabwereka kwa wamng'ono, ndipo ulemu wawo sunachepe. Mutu umodzi susenza denga.

Pepala latsopano nalonso limathandiza. Kosi ya miyezi itatu, yokhala ndi deti la chaka chino, imauza bwana kuti mutu wako ukadali wotseguka. Anzako amisiri amene munachotsedwa limodzi uwauze kuti TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi njira yoyesa luso limene munthu anaphunzirira pa ntchito n'kumupatsa satifiketi. Luso lopanda pepala limadziwika ndi okuona okha. Pepala limafika kumene iwe sunafike.

Mantha achitatu ndiwo aakulu, ndipo ndi amene amagwetsa amuna ambiri a msinkhu wako. Wokufunsa mafunso akhoza kukhala wa zaka 30. Akhoza kukhala mayi wachitsikana, msinkhu wa mlongo wako wotsiriza. Mumtima akudzifunsa kuti: bambo awa ndingawatume? Ndikawadzudzula, sadzandiyankha kuti ndinayamba ntchito iwe ukuyamwa? Yankho ulipereke ndi khalidwe lako. Mpando uupatse ulemu wake, kaya wakhalapo ndani. Unene kuti “bwana” kapena “madamu” ndi mtima wonse. Usamutche “mwana wanga”. Usamudule mawu. Mawu akuti “ife kale tinkachita chonchi” uwasiye pakhomo. Kumudzi kuno mnyamata akalongedwa ufumu, ife a imvi timamuombera m'manja, ndipo palibe amene amafa nazo. Walira mvula walira matope. Ukufuna ntchito, landira ndi bwana wake yemwe.

Mantha achinayi ndi a nthawi ndi thanzi. Amati uyu watsala pang'ono kupuma, mwinanso azingodwala. Werenga nawo pamodzi. M'boma anthu amapuma ali ndi zaka 60. Iwe zikutsalira 13. Mnyamata wolembedwa lero akhoza kuchoka chaka chamawa akapeza sikolashipu kapena malipiro abwinoko. Iwe uli ndi ana pasukulu, suthamangathamanga. Zimenezo uzinene modekha. Koma thupi nalo ulisamale kuti likuchitire umboni. Kayezetse BP ndi shuga, uziyenda pansi, ugone pa nthawi. Munthu wolowa m'chipinda ali wewefuwefu, maso ali psuu ndi mowa wa dzulo, wadziyankhira yekha.

Tsopano ndikuchenjeze. Abwera anzako ndi nzeru yakuti udule zaka. Ena adzati alipo munthu wokonza mapepala. Usayerekeze. Chiyambire kalembera wa ziphaso wa NRB mu 2017, tsiku lako lobadwa lili pa chiphaso cha unzika, ndipo chiphaso chomwecho chimafunidwa ku banki, ku penshoni ndi polembetsa nambala ya foni. Satifiketi yako ya MSCE nayo ili ndi chaka chake. Ukanama, bodza lidzatulukira tsiku lolemba fomu, kapena patapita zaka, pamene ukufuna ndalama zako zopumira. Pamenepo adzakuchotsa ngati wachinyengo, ndipo dzina limenelo silichapika. Tsitsi ukafuna kudaya, daya, ndi mutu wako. Koma chaka chobadwa chisiye mmene amayi ako anachinenera. Choipa chitsata mwini.

Kusanama sikutanthauza kuyala zonse pabwalo. CV yako ndamva kuti ndi masamba asanu ndi limodzi, kuyambira ku pulayimale. Ndani awerenge zimenezo? Masamba awiri akwana. Yamba ndi zaka 10 kapena 15 zapitazi. Zakale kwambiri uzitchule mzere umodzi. Usangolemba mayina a maudindo. Lemba zimene manja ako anachita: unkasunga katundu wochuluka bwanji, unkayang'anira anthu angati, owerengera mabuku atabwera anapeza chiyani, ndi angati amene unawaphunzitsa ntchito. Zaka zikangokhala nambala zimaopseza. Zikakhala ntchito zooneka zimakopa. Okuchitira umboni usankhe anthu amoyo, oyankha foni, ndipo uwadziwitse usanalembe mayina awo. Palibe adzakuvinire gule ameneyu. Pagule fumbi ndiwe mwini.

Ndamvanso kuti anansi ako sakudziwa kuti ntchito inatha. Ati m'mawa umavala tayi, n'kukakhala tsiku lonse m'tauni, madzulo n'kubwerera ngati waweruka. Zimenezo zithe lero. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Munthu wa msinkhu wako kawirikawiri ntchito saipezera m'nyuzipepala. Amaipeza kudzera mwa amene anaona ntchito yake. Kwa osakudziwa ndiwe chaka chobadwa pa pepala. Kwa okudziwa ndiwe uja sitolo yake sinasowepo kanthu. Lemba mayina: amene ankakugulitsani katundu, madalaivala, makasitomala, akuluakulu a mpingo, anzako a kusukulu. Uwauze mwachindunji kuti ntchito inatha, ndimatha zakutizakuti, mukamva kanthu mundikumbukire. Usapemphe ndalama. Pempha khutu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pa mayina amenewo usaiwale anyamata amene unawalandira ali osadziwa kanthu. Ena lero ndi mabwana. Apa mpamene munthu amakolola zimene anafesa. Ngati unkawaphunzitsa mokoma mtima, adzakuitana iwo okha. Ngati unkawanyoza pagulu, pita ukakonze ubale usanapemphe kanthu. Ndiponso kampani imene inakuchotsa usainenere zoipa, kaya pa mafunso a ntchito, kaya pamaliro, kaya pa Facebook. Mabwana a m'tauni amadziwana, amadyera limodzi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo.

Pogogoda usankhe zitseko. Mabanki ndi makampani a mafoni amakonda kulemba achinyamata n'kuwaphunzitsa okha. Kumeneko ungotha nsapato. Yang'ana kumene kukhulupirika kuli kosowa: makampani ang'onoang'ono a ku Kanengo ndi ku Limbe, makontirakitala omanga, sukulu ndi zipatala za mishoni, makopaletivi a alimi, ma SACCO, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mwini bizinesi amene anaberedwapo simenti safuna wothamanga. Amafuna woti amusiyire makiyi iye n'kugona tulo. Nyengo ya fodya misika ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imafuna anthu a miyezi yowerengeka. Kontirakiti ya miyezi itatu usainyoze. Imakulowetsa m'kati, anthu n'kuona manja ako. Pepala lako silikhalanso ndi mpata wautali wofunika kuufotokoza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Za malamulo uzidziwenso. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa tsankho polemba anthu. Ofesi ya leba ilipo m'boma lililonse, ndipo khoti la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court, lilipo. Koma wokukana chifukwa cha zaka sadzalemba choncho. Adzangoti tapeza wina woyenera. Mlandu wotero ndi wovuta kuugwira, ndipo ungathere mphamvu zako pamenepo. Kumene lamulo lingakugwire dzanja msanga ndi pa zako zimene unasiya ku kampani ija. Wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito amayenera ndalama yomutsanzikira: malipiro a milungu 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, milungu 3 pa chaka kufika zaka 10, ndi milungu 4 pa chaka chilichonse chopitirira pamenepo. Masiku a tchuthi amene sunapite nawonso ndi ndalama. Kalata yosonyeza kuti unagwira ntchito kumeneko ndi ufulu wako. Kafufuzenso ngati penshoni inkaperekedwa yonse, 10 peresenti ya bwana ndi 5 peresenti yako, mwezi ndi mwezi. Tenga mapepala ako upite ku leba akakuwerengere. Safunsa anadya phula.

Ndalama zimenezo zikabwera, manja ako akhale olemera. Ine ndaona amuna akubwerera kwawo ntchito itatha, osati kamodzi. Mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi, ndipo amuna zikwizikwi anabwera kumudzi. Mu 1988 njira ya kumigodi ya TEBA nayo inatsekeka. Kuyambira 1996 makampani a boma anayamba kugulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ali ndi zaka ngati zakozi. Ambiri anafika ndi ndalama m'thumba. Ena anagula wailesi yaikulu, njinga ndi suti, n'kumagulira mudzi wonse mowa. Ena anakwatira kachiwiri. Mvula isanagwe kawiri anali akupempha fodya. Amene anagula ng'ombe, makina osokera kapena malata, amene analipiriratu ana sukulu, ndiwo anakalamba ndi ulemu. Kusiyana kwawo sikunali kuchuluka kwa ndalama. Kunali kuugwira mtima miyezi yoyamba ija. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Masiku ano zafika povutirapo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama yogona pansi pa pilo imasungunuka. Koma usathamangire kugula minibasi chifukwa mnzako anagula. Bizinesi imene suidziwa idzakudya. Ngati uyamba kanthu, yamba ndi chimene manja ako akudziwa, ndipo uyambe pang'ono. Katapila umuthawe. Achenjere nawo ali tcheru, amanunkhiza munthu wosimidwa. Adzakuimbira kuti ntchito yapezeka ku bungwe lakutilakuti, ungotumiza kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money kuti fayilo iyende. Ntchito yoona sigulidwa. Wina adzakuuza za ku Joni, kuti kumeneko safunsa zaka. Zoona safunsa, koma wopita wopanda mapepala amagwira ntchito ya thukuta akuyang'ana kumbuyo, ndipo msana wa zaka 47 si wa zaka 25. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pakhomo pako pakhale poyera. Mayi a ana ako uwauze zonse, ndalama imene yatsala ndi ngongole imene ilipo. Ngati iwo ndi amene akubweretsa chakudya kuchokera ku geni yawo, uwathokoze, uwathandize kunyamula katundu. Pamenepo palibe chochotsa ulemu wa bambo. Chochotsa ulemu ndi kukhala pa bawo kuyambira m'mawa, madzulo n'kumakalipira ndiwo. Ana uwauze kuti zinthu zasintha, koma sukulu ipitirira. Akuona mmene bambo awo akuyendera pa nthawi yovuta, ndipo adzayenda chomwecho tsiku lawo likadzafika. Munda wako kumudzi kuno ulipo. Ulime chaka chino, kuti ufa usamagulidwe. Munthu wokhala ndi chimanga m'nyumba salandira ntchito yachipongwe chifukwa cha njala ya mawa. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Adzakukana, ndikuuziretu. Adzakukana kangapo, ena osayankha n'komwe. Kukanidwa kulikonse usakuwerenge ngati chigamulo cha moyo wako. Ukatuluka m'chipinda cha mafunso, lemba zimene anakufunsa ndi pamene unapunthwa. Ulendo wotsatira udzayankhe bwino. Tsiku lililonse likhale ndi ntchito yake: lero kuphunzira, mawa kuonana ndi munthu, mkuja kulemba kalata. Dzuka nthawi imene unkadzuka uli pantchito. Ulesi ukalowa m'thupi la munthu wamkulu suchoka msanga, ndipo wolemba ntchito amauona pa kayendedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu otsiriza ndi a tsiku limene udzakhale mbali inayo ya tebulo, chifukwa lidzafika. Adzakupatsa mulu wa makalata kuti usankhe. Mudzakhala kalata ya mayi wa zaka 52 amene analera ana n'kubwerera kudzafuna ntchito. Mudzakhala ya mnyamata wa zaka 23 amene aliyense akumukana kuti alibe luso. Onsewo akukanidwa chifukwa cha chaka chobadwa. Uwerenge makalata awo mpaka kumapeto. Uwaitane, uwamve, kenako usankhe woitha ntchito. Amene akukukana lerowa nawonso imvi zikuwadikira. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Tsopano idya nsima, ugone. Lolemba ulawirire ku leba ndi mapepala ako onse. Madzulo ake ukhale pansi ndi mwana uja pa kompyuta. Lachiwiri uyambe kuimbira anthu a pa mndandanda wako, woyamba akhale amene ukumuchitira manyazi kwambiri. Mwezi ukatha ubwere udzandiuze amene wayankha ndi amene sanayankhe, tidzaone pogogoda pena. Sunga khosi, mdzukulu wanga, mkanda woyera udzavala.